Kwa aphunzitsi okonza mavidiyo a maphunziro kuno ku Chipata

Aphunzitsi anzanga amene mwayamba kujambula maphunziro kuti ana azionera pa foni kunyumba, musathamangire pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Adobe Premiere Pro, ija imafuna ndalama mwezi ndi mwezi. DaVinci Resolve ya kampani ya Blackmagic Design ili ndi mtundu waulere, ndipo pa ntchito yathuyi ndi wokwanira. Kungoti imalemera. Ngati laputopu yanu ndi ya RAM ya 4GB, tengani Shotcut kapena Kdenlive, nazonso n'zaulere, ndipo muyatse proxy, makope opepuka a vidiyo yanu ogwiritsa ntchito pokonza, kuti chithunzi chisamadukeduke pamene mukudula.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi kusamala mawu. Mwana wa Giredi 7 amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamamveka ngati mukulankhulira mu mgolo, amatseka basi. Jambulani m'mamawa njinga zamoto zisanayambe kulira pamsewu, foni ikhale pafupi ndi pakamwa. Mu Resolve pitani pa tsamba lokonzera mawu la Fairlight, muchepetse phokoso, mukweze mawu anu. Paja pamene munatembenuka kufufuta bolodi, dulanipo, musamvere chisoni. Koma pamene choko chikulemba samu, kokerani chithunzi pafupi kuti nambala iliyonse ioneke pa kafoni kakang'ono.

Potulutsa sankhani MP4 pa 720p, phunziro lalitali muligawe tizidutswa ta mphindi zisanu. Kholo la ku Katete kapena ku Lundazi limagula bandulo yochepa, tiliganizire.

Yatsaninso Live Save mu Resolve, ija imasunga yokha ntchito yanu pamene mukukonza, malaiti sachenjeza akamapita.