Buledi wa sourdough pa mbaula

Mwafunsa kapangidwe ka buledi wotupa yekha uja, wosathira yisiti ya ku golosale. Mukhale ndi fulawa, mchere, botolo, poto wolemera wa chivundikiro komanso madzi a pa mjigo, a pampopi agone kaye mu ndowa kuti mankhwala aja achoke.

1. Yambani ndi chotupitsa. Fulawa masipuni 3 ndi timadzi mu botolo, zikhale ngati phala lolimba. Tsiku lililonse tayani theka, onjezani fulawa ndi madzi. Pakatha masiku 5 mpaka 7 chimachita thovu nkumanunkha ngati thobwa logonetsa. Mu June kuno ku Mchinji chimachedwa ndi chisanu, musachitaye.

2. Sakanizani fulawa magalamu 500, madzi 350ml, chotupitsa magalamu 100, mchere magalamu 10. Zimamata m'manja, musaonjezere fulawa.

3. Nyowetsani manja, kokani mtanda ndi kuupinda kanayi, pa mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri.

4. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa, amayang'ana wotchi m'malo moyang'ana mtanda. Vundikirani mpaka utupe kuonjezera theka ndipo pamwamba paoneke timathovu, ukaphikidwa usanatupe mudya njerwa, koma kukatentha ngati mu October ukhoza kupyola nkuphwa komanso kuwawasa zedi.

5. Uumbeni ngati mpira, upume ola limodzi, chekani pamwamba ndi lezala.

6. Tenthetsani poto kaye, kenako ikanimo mtanda nkuvundikira. Makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro ngati pophika chigumu, mphindi 40 mpaka 45. Uzizire kaye musanadule, mkati mumakhala musanalimbe.