Mukabwera kudzaonera mpira pa Mangochi Stadium

Ochemerera ambiri ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Liwonde amafika kuno mpira utatsala pang'ono kuyamba, thukuta lili kamukamu, ndipo likhweru lomaliza likangolira amathamangira kudepoti. Ine ngati mwana wa kuno zimandimvetsa chisoni, chifukwa tauni yathu amangoiona pawindo la minibasi. Langizo langa ndi lakuti mulawire.

Kuchokera ku Blantyre msewu wake ndi M3, wodzera ku Zomba ndi Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Kwerani minibasi yam'mamawa kuti pofika 10 koloko mukhale mutatsika pa Boma. Musavutike kufunsa njira ya kubwalo: aliyense wa kabaza amalidziwa. Mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenje chimavuta tsiku la mpira.

Koma kubwalo musapite kaye. Uzani wa kabaza akutuleni pa wotchi yaitali ya njerwa, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Wotchiyi inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera kwa Harry Johnston. Pafupi pomwepo pali mfuti yaikulu imene inali pa sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu ino, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Pamenepa imani pang'ono, muwerenge zolembedwazo. Anthu ambiri amangodutsa ndi njinga osatembenuka, chonsecho mbiri yonse ya maulendo apanyanja ili pakhonde pawo. Amene akufuna zambiri alowe mu Lake Malawi Museum, ndi pafupi, n'koyenda wapansi.

Kenako kwerani pamlatho. Pansi panu ndi Shire, atangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi akulowera ku Malombe. Mudzaona asodzi m'mabwato, ena akukonza maukonde m'mbali, migwalangwa itaima tsidya lino ndi tsidya linalo. Msewu wowoloka mlathowo ndi wopita ku Namwera mpaka ku Chiponde, m'malire ndi Mozambique. Kutenthe bwanji, musatsikire m'madzimo kukasamba. Mu Shire muli ng'ona, ndipo sizisankha mlendo.

Nkhomaliro idyeni isanakwane 1 koloko. Kubwera ku Mangochi n'kudya tchipisi cha pachiwaya ndi kudzimana. Funsani nsima ya chambo m'malesitilanti a kumsika. Chikasowa kapena chikakwera mtengo, kampango ndi mcheni sizikhumudwitsa. Ngati mukugula nsomba yaiwisi, tsegulani m'makha muone ngati muli mofiira, ndipo maso akhale owala. Yoti mupite nayo kunyumba, usipa wouma ndi umene suvuta paulendo.

Kuno anthu ambiri ndi Ayao ndiponso Asilamu. Valani modzilemekeza poyenda m'tauni, makamaka pafupi ndi mzikiti, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Mayi wogulitsa mukamupatsa moni wakuti "Ali uli?" mudzaona nkhope yake ikumasuka.

Tsopano za kubwalo. Masewero a ligi nthawi zambiri amayamba cha m'ma 2:30 masana, dzuwa la kuno lili pakati pa ukali wake, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Tengani chipewa ndi botolo la madzi, amayi chitenje chapadera chofunda kumutu. Ngati thumba likulola, lipirani malo okhala ndi mthunzi. Tikiti mugule pageti kwa ogulitsa ovomerezeka. Mnyamata wokunong'onezani kuti akulowetsani motchipa mumupewe, mungathe kulipira kawiri. Kukabwera Bullets kapena Wanderers mzere umatalika msanga, choncho ola limodzi mpira usanayambe mukhale mutalowa. Yang'anani kaye mbali imene kwakhala a jezi yofiira ndi kumene kuli a jezi yabuluu musanasankhe pokhala. Foni ndi chikwama zikhale m'thumba lakutsogolo, makamaka potuluka pamene anthu amapanikizana pageti.

Ine ndimakondanso masewero a matimu a kuno komweko, a m'maligi ang'onoang'ono. Kolowera n'kotsika mtengo, ndipo woyandikana naye amakuuza kuti wavala nambala 9 uja ndi mwana wa kwa Mponda, m'mawa amapalasa bwato.

Mpira umatha dzuwa litapendeka, ndipo minibasi zakutali zimayamba kuchepa kukamada. Ngati mulibe changu, gonani; malo ogona alipo ambiri pa Boma, ingosungitsani chipinda masana. M'mawa mwake kwerani galimoto zolowera ku Monkey Bay, makilomita oposa pang'ono 60, ndipo mutha kutsikira panjira pa Nkopola kapena Makawa kukaona nyanja musanabwerere.