Musanapopere mankhwala a udzudzu kuseri kwa nyumba

Mvula ikayamba mu Novembala, udzudzu umachuluka m'makomo a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ndipo ambiri timathamangira mankhwala opopera. Musanagule, muziyendera kuseri kwa nyumba kamodzi pa sabata n'kukhuthula madzi a m'matayala akutha, m'zitini ndi m'mabeseni osweka, chifukwa kukamatentha dzira la udzudzu limangotenga masiku 7 mpaka 10 kuti lisanduke udzudzu wouluka. Zimenezi sizilira ndalama.

Ngati kupopera kukufunikabe, gulani mankhwala a m'botolo lomata bwino, lokhala ndi malangizo, amene analembetsedwa ku bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board. Othiridwa m'mabotolo a zakumwa pamsika asiyeni ngakhale atchipe bwanji, pakuti simungadziwe chimene chili m'katimo, ndipo a m'munda wa tomato kapena thonje si opopera pakhomo.

Poperani madzulo mphepo itadekha, njuchi zitachoka pa maluwa, mutavala malaya a manja aatali komanso mutaphimba mphuno ndi pakamwa. Vundikirani migolo ya madzi ndi chitsime, anulani zovala ndi ufa wa pamphasa, ndipo ana, nkhuku ndi amphaka atalikire mpaka pamalopo pauma. Mankhwala okhala ndi poizoni wophera tizilombo wotchedwa permethrin amapha nsomba komanso amadwalitsa amphaka kwambiri, choncho otsala asatayidwe m'ngalande zothira mu mtsinje wa Mudi.

Munthu akawamwa mwangozi, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala botololo lili m'manja kuti adokotala adziwe chimene wamwa.