Momwe mungasonkhanitsire mbiri ya sekondale ya boma imene munaphunzirako

Sekondale ya Dedza, imene ambiri amangoti Box 48, inatsegulidwa mu 1951 ndipo ndiyo inali yoyamba ya boma. Blantyre Secondary School ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942 zinayambitsidwa ndi amishoni. Amene analowa ku Dedza chaka choyambacho, ngati alipobe, zaka zawo zili cha m'ma 90. N'chifukwa chake ntchitoyi muiyambire kwa okalamba. Mapepala akudikirani, koma agogo sadikira.

Sankhani komiti yoyendetsa ntchitoyi ya anthu anayi kapena asanu okha, omaliza sukulu m'zaka zosiyana. Gulu lonse la pa WhatsApp likalowerera, mwezi umatha mukukangana za mtundu wa malaya a chikondwerero.

Popita kwa mkulu aliyense mutenge foni yodzaza moto ndi kope. Pemphani chilolezo chojambula mawu, ndipo kucheza kusapitirire mphindi 45, chifukwa akatopa amayamba kusakaniza zaka. Musafunse kuti "sukulu inali bwanji", adzangoti inali yabwino. Funsani kuti ankagona hositelo iti ndipo dzina lake linachokera kuti, belu loyamba linkalira nthawi yanji, ndani ankagawa nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zija, wochedwa ku prep ankatchetcha kapena kukumba dzenje. Apempheni aimbe nyimbo ya sukulu, ngakhale mawu akunjenjemera. Miyambo imabisala m'tinthu totere: maina opeka a aphunzitsi, zisangalalo za Loweruka madzulo, misonkhano ya SCOM ndi YCS, masewero a ATEM, mpira wa mahositelo. Aliyense mucheze naye payekha, chifukwa mukawaika pamodzi wolongolola ndiye amalemba mbiri yonse.

Nkhani ya teasing musailumphe. Ana a Fomu 1 ambiri anazunzika nayo, ena mpaka kusiya sukulu, ndipo buku la mbiri ya sukulu loibisa limakhala labodza. Lembani zimene zinkachitika, koma maina a ozunza ndi ozunzidwa asalowe.

Kenako pitani kwa ahedi ndi kalata ya komiti, mupemphe log book, kaundula wolembera ana atsopano, magazini akale ndi zithunzi. Nthawi zambiri mudzazipeza m'katoni m'chipinda chosungiramo katundu, chiswe chitadya m'mbali. Jambulani tsamba lililonse pafupi ndi zenera masana, osayatsa kuwala kwa foni. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera. Musamate pulasitiki ya laminating pa pepala lakale; imalowa ndi moto ndipo sichokanso. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimachepa mphamvu n'kutuluka chosaoneka posindikiza. Zotsala kazifufuzeni ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre.

Pamene ambiri amagwa ndi pa zaka. Chaka chilichonse chitsimikizidwe ndi umboni uwiri, umodzi ukhale wolembedwa. Dzina la mayeso limathandiza: woti analemba Cambridge ndi wakale kuposa wa MCE, ndipo wa MCE ndi wakale kuposa wa MSCE. Setifiketi yotchula MANEB singakhale ya chaka cha 1987 chisanafike. Kalendala ya sukulu yasinthapo kangapo, choncho funsani chaka chimene munthu analemba mayeso, osati chimene "anachoka". Ngati yanu ndi CDSS yakale, lembani zaka ziwiri: chimene inayamba ngati DEC, malo ophunzirirako a pansi pa MCDE (Malawi College of Distance Education), ndi 1998 pamene boma linasandutsa malowa kukhala ma CDSS.

Musanasindikize, perekani zolembazo kwa akale atatu a mibadwo yosiyana awerenge ndi pensulo m'manja. Zojambula zonse zisungidwe malo atatu: pa kompyuta ya sukulu, pa flash ya mlembi, ndi pa intaneti. Mabuku awiri mukawasiye ku National Archives ku Zomba.