Kuyika Arch Linux pamanja popanda zodina Next Next

Laputopu yanga yakale ija inafika poti ukaiyatsa umayamba wachita kaye zina kudikira kuti idzuke, nde ndinangoti basi ndiikemo Arch Linux, ija imabwera yopanda kanthu, chilichonse cholowa mmenemo umasankha wekha. Anaiyambitsa ndi Judd Vinet mu 2002 ndipo siikhala ndi zoti chaka chino kwatuluka nambala yakuti chaka chamawa nambala ina ayi, umaika kamodzi kenako nkumangopanga update basi. Kuyambira 2017 anasiya makompyuta a 32-bit, ngati yanu ndi yamakedzana choncho musadzivute. Mu ISO, fayilo yomwe mumadawuniloda kuti muikire Arch, muli kapulogalamu kotchedwa archinstall, anakaikamo mu 2021, kamakuchitirani zonsezi ndipo ndi kabwino ndithu sindikunyoza, koma ine ndikufuna muyende pamanja ulendo umodzi chifukwa tsiku lomwe kompyuta idzakane kuyaka mudzadziwa pogwira.

Musanayambe koperani kaye zithunzi ndi mafayilo anu kwina, disiki yonse tiifufuta. Dawunilodani ISO muilembe pa flashi ndi Rufus kapena Ventoy, amene muli kale pa Linux mutha kugwiritsa dd:

dd bs=4M if=archlinux-x86_64.iso of=/dev/sdX conv=fsync oflag=direct status=progress

pa sdX ndi pomwe mulembe dzina la flashi yanu, onetsetsani kawiri chifukwa dd safunsa kuti mwatsimikiza, amangolemba. Kenako lowani mu BIOS muthimitse Secure Boot, ISO ya Arch siibuta ikakhala yoyaka, nkusankha kubutira pa flashi, batani lake limasiyanasiyana, ena F12 ena Esc ena F2.

Ikabuta musadabwe, palibe mbewa palibe zithunzi, ndi sikirini yakuda yolembedwa root@archiso ndi kamzere kophethira basi. Lembani cat /sys/firmware/efi/fw_platform_size, ikayankha 64 ndiye kuti muli pa UEFI, njira yatsopano yobutira yomwe inalowa mmalo mwa BIOS yakale, ndipo zomwe ndikulemba apazi zikukhudzani. Ikati fayilo palibe mwabutira pa BIOS yakale, bwererani mukasinthe.

Intaneti ndi yofunika chifukwa zonse tikoka kumeneko. Wa waya amangobaya ikugwira yokha, wa wifi alembe iwctl ndipo mkatimo:

device list
station wlan0 scan
station wlan0 get-networks
station wlan0 connect DZINA-LA-WIFI

ikufunsani pasiwedi, mukatha lembani exit nkuyesa ping archlinux.org, mukaona mizere ikutsika dinani Ctrl ndi C. Yang'ananinso timedatectl kuti nthawi ili bwino, wotchi ikasokonekera kwambiri ma siginecha a mapaketi amatha kukana nde mumangozunguzika osadziwa kuti vuto ndi nthawi chabe.

Tsopano pa disiki apa mpofunika kudekha. Lembani lsblk muone ma disiki onse ndi kukula kwake. Yamkati imakhala sda, kapena nvme0n1 ngati ndi zatsopanozi, koma musaloweze, nthawi zina flashi ndi imene imatenga dzina la sda. Ine ndimaona pa kukula, ya 16G ndikudziwa ndi flashi, ya 238G kapena 465G ndi yamkati. Ndilemba ngati yanu ndi sda, a nvme ma patishoni anu, kutanthauza zigawo za disiki, azikhala nvme0n1p1, nvme0n1p2, muli ka p pakati. Lembani cfdisk /dev/sda, ndi yosavuta kuposa fdisk chifukwa mumangoyenda ndi mivi, ikafunsa sankhani gpt. Fufutani zonse zilipo mudule zitatu, yoyamba 1G mtundu wake EFI System, yachiwiri 4G Linux swap, yotsala yonse Linux filesystem. Swap ndi malo omwe kompyuta imatsanulirapo RAM ikadzadza, ena amati siyofunika koma pa makina a RAM yochepa ine sindiisiya. Palibe chomwe chasintha pa disiki mpaka mutasankha Write nkulemba yes yonse zilembo zitatu, nde ngati mtima wakayika apa mpothawira. Mukatuluka mu cfdisk fomatani ma patishoniwo nkuwamangirira ndi mount:

mkfs.fat -F 32 /dev/sda1
mkswap /dev/sda2
mkfs.ext4 /dev/sda3
mount /dev/sda3 /mnt
mount --mkdir /dev/sda1 /mnt/boot
swapon /dev/sda2

Pomangirira ndi mount yambani ndi sda3 kenako sda1, mukatembenuza boot ija ikwiririka pansi pa inzake ndipo mudzavutika kutsogolo.

Apa nde pamene pagona nkhani yonse. Paketi yotchedwa base ndi yochepa zedi, mulibe kernel yomwe ndi mtima wa Linux, mulibe cholembera mafayilo ngati nano, mulibe chokulumikizani pa wifi mosavuta, zomwe mukugwiritsa panopazi ndi za pa flashi ndipo mukaizula zipita nayo limodzi. Ulendo wanga woyamba ndinangoika base linux linux-firmware, zonse zinayenda bwinobwino, ndinabuta ndikumwetulira ndekha, ndalowa ngati root, akaunti ya mphamvu zonse, ndikuti ndilembe iwctl ikuti command not found, nmtui chimodzimodzi, ndiye kuti ndiike pulogalamu ya netiweki pakufunika intaneti, intanetiyo kuti ibwere pakufunika pulogalamu yomweyo, waya ndinalibe. Ndinakhala phee kuyang'ana kamzere kophethira kaja mwina mphindi zisanu, kenako nkutenganso flashi yomwe ndinali nditaiponya kale mchikwama. Nde inu lembani zonse pakamodzi:

pacstrap -K /mnt base linux linux-firmware nano sudo networkmanager grub efibootmgr intel-ucode

a purosesa ya AMD sinthani yomalizayo ikhale amd-ucode. Zitenga kanthawi malingana ndi intaneti yanu. Zikatha:

genfstab -U /mnt >> /mnt/etc/fstab

Fayilo imeneyi ndi imene imauza kompyuta patishoni iti ipite pati ikamayaka, ka -U kakutanthauza kuti igwiritse UUID osati mayina a sda aja omwe amasinthasintha. Ionereni ndi cat /mnt/etc/fstab, muone mizere itatu, ya /, ya /boot ndi ya swap. Mukalemba genfstab kawiri mizere ibwerezabwereza chifukwa timivi tiwirito timawonjezera pansi, fufutani zobwerezazo.

Kenako arch-chroot /mnt, apa mwalowa mnyumba yatsopano ija ngakhale simunabute. Nthawi kaye, onani mu /usr/share/zoneinfo mupeze dera ndi mzinda wa kwanu:

ln -sf /usr/share/zoneinfo/Dera/Mzinda /etc/localtime
hwclock --systohc

Tsegulani nano /etc/locale.gen muchotse ka # kutsogolo kwa en_US.UTF-8 UTF-8 kapena ina yomwe mukufuna, sungani ndi Ctrl O tulukani ndi Ctrl X, lembani locale-gen, nkupanga fayilo /etc/locale.conf yokhala ndi mzere umodzi LANG=en_US.UTF-8. Mu /etc/hostname lembani dzina lomwe mwaipatsa kompyuta, lililonse bola lopanda mipata. Lembani passwd muike pasiwedi ya root, polemba sipaoneka kanthu ngakhale tinyenyezi, kiyibodi sinafe ndi mmene zimakhalira.

Musamagwiritse root tsiku ndi tsiku, dzipangireni akaunti:

useradd -m -G wheel dzinalanu
passwd dzinalanu
EDITOR=nano visudo

pezani mzere wa %wheel ALL=(ALL:ALL) ALL muchotse # yake, ndi umene ukupatseni mphamvu ya sudo, yolamula ngati root. Pali wina pafupi pomwepo wa NOPASSWD, umenewo usiyeni, ndi ulesi woopsa.

Kuika networkmanager pakokha sikukwana, pa Arch ma service sadziyatsa okha ngati kwina, muuze systemd nokha:

systemctl enable NetworkManager

N ndi M zikhale zazikulu, ambiri amaphonya pomwepa. Chomaliza chomwe simungatuluke musanachite ndi GRUB, amene amadzutsa Linux kompyuta ikamayaka, popanda iyeyu kompyuta siidziwa nkomwe kuti mwaika chinthu:

grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot --bootloader-id=GRUB
grub-mkconfig -o /boot/grub/grub.cfg

Woyambayo ayankhe kuti No error reported, wachiwiri aonetse kuti wapeza vmlinuz-linux ndi initramfs. Akapanda kupeza ndiye kuti mwina /boot simunaimangirire musanapange pacstrap, konzani panopa mukadali mkati, mangirirani nkulemba pacman -S linux (pacman ndi amene amaika mapaketi pa Arch) kuti kernel igwere pamalo pake kenako bwerezani malamulo awiri a GRUB aja. Zikakhala bwino exit, umount -R /mnt, reboot, zulani flashi sikirini ikangoda.

Ikayaka lowani ndi dzina lanu lija, lembani nmtui musankhe wifi. Mukadali pa sikirini yakuda ndipo ena amakhala pomwepo mosangalala, koma ngati mukufuna mawindo ndi mbewa pa kompyuta yofooka ine ndimakonda Xfce, ndi yopepuka ndipo siidzionetsera:

sudo pacman -S xorg-server xfce4 lightdm lightdm-gtk-greeter firefox noto-fonts
sudo systemctl enable lightdm

ikafunsa kuti musankhe ziti mu gulu la xfce4 ingodinani Enter itenge zonse. Kuti mawu amveke ikani pipewire ndi pipewire-pulse, eya, ngakhale zimenezo muika nokha, ndinakuuzani kuti imabwera yopanda kanthu.

Pa update lamulo ndi limodzi, sudo pacman -Syu, zonse pakamodzi. Musazolowere zolemba pacman -Sy kenako nkuika paketi imodzi yokha, mumakhala mwatenga pulogalamu yatsopano yofuna ma library atsopano pomwe ena onse akadali akale, zinthu zimasweka mosadziwika bwino ndipo a Arch eni ake amanena poyera kuti zimenezo sathandiza. Komanso kernel ikasintha pangani reboot, apo ayi mudzabaya flashi nkuona kuti sikuoneka chifukwa ma module a kernel yakale achotsedwa kale.

Flashi ija musaifufute msanga. Tsiku lina GRUB akadzasowa kapena mukadzaiwala pasiwedi, butirani pomwepo, mount /dev/sda3 /mnt, mount /dev/sda1 /mnt/boot, arch-chroot /mnt, mwalowanso mkati ngati root ndipo mutha kuika chomwe munaiwala kapena kulemba passwd. Ndi mmene ndinaikira networkmanager tsiku lija, ndipo flashiyo ndinaimata kapepala kolembedwa ARCH kuti wina asadzaikemo nyimbo.