Mmene mungasangalalire panja m'chilimwe cha ku Salima

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndi imene anthu a mumzinda wa Lilongwe amatsikira kuno ku Salima kudzafuna kamphepo ka kunyanja, ndipo ambiri amadabwa kupeza kuti kuno n'kotentha kuposa kumene achokera. Lilongwe ali pamalo okwera mamita oposa 1,000, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 okha, choncho mukamatsetsereka m'zitunda za msewu wa M14 mumakhala mukulowa m'chigwa momwe kutentha kumatha kupitirira madigiri 35.  Aliyense wofuna kusangalala panja, kaya ndi mlendo kaya ndi wa kuno komwe, ayambe wagawa tsiku lake motsatira dzuwa, ndipo za kopita aziganizire pambuyo pake.

Nthawi yabwino koposa ndi kuyambira mbandakucha mpaka cha m'ma 9 koloko. Popeza nyanja ili kum'mawa kwathu, dzuwa limatulukira pamadzi 5 koloko itangodutsa, mchenga ukadali wozizira, komanso asodzi amene anachezera pamadzi ndi nyali akukocheza mabwato awo odzaza usipa. Kuchokera ku Kamuzu Road, pa tauni ya Salima, kukafika ku Senga Bay pali makilomita pafupifupi 20, ndipo wa ku Lilongwe awonjezerepo ena pafupifupi 100. Amene amanyamuka mumzinda 9 koloko amafika pagombe dzuwa lili paliwombo, atataya kale gawo lokoma la tsikulo, n'chifukwa chake kuli bwino kudzagona kuno kapena kulawirira kusanache. Nsomba nazonso muzigule m'mawa momwemo, ndipo musankhe za maso owala ndi mnofu wolimba, chifukwa m'nyengo ino chambo kapena kampango wokhalitsa padzuwa sachedwa kugaga.

Pa nkhani yosambira m'pofunika kuchedwapo pang'ono. Sankhani malo a mchenga woyera pamene mafunde amagunda momasuka, ndipo pewani madzi odikha a m'mabango ndi m'maudzu, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowera pakhungu popanda kupweteka kulikonse, ndipo zizindikiro monga magazi m'mikodzo zimadzaoneka patapita nthawi, kotero amene amasamba m'nyanja kawirikawiri azipita kuchipatala kukayezetsa ndi kulandira mankhwala a praziquantel. Pewaninso matsiriro a mitsinje monga Linthipe ndi madambo onga a Mpatsanjoka, komwe kumapezeka ng'ona ndi mvuu. Musanalowe m'madzi pamalo achilendo, funsani asodzi kapena amayi amene akuchapa pagombepo, chifukwa iwowo ndi amene amadziwa pamene pansi pamaphompheka mwadzidzidzi. Mphepo ya mwera imakhala italeka m'miyezi imeneyi, komabe nyanja imatha kuwinduka masana mpoto ukayamba kuwomba, ndipo mukaona asodzi akukokera mabwato kumtunda, inunso tulukani.

Mowa ndi kusambira siziyenderana, ndipo ndikunena zimenezi mosapsatira mawu chifukwa munthu amene wamwa amadziona ngati katswiri pamadzi oti sakuwadziwa. Ana azisewera pamadzi ofika m'mawondo, ndipo pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwayang'anira basi, foni ataiika m'chikwama. Pamene akuluakulu ali ambiri, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuona ana.

Ulendo wa paboti uchitikenso m'mawa. Chilumba cha Namalenje chimaonekera pafupi kuchokera ku Senga Bay, ndipo kumwera kuli zilumba za Maleri, zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka timbuna ta mawangamawanga tokhala m'miyala. Gwirizanani mtengo wopita ndi wobwerera musanakwere, onetsetsani kuti aliyense wapatsidwa jekete yoyandamitsa munthu, ndipo ngati botilo ladzaza kale dikirani lina.

Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, ntchito yanu ndi kukhala pamthunzi, ndipo zimenezi musaziyese kutaya nthawi. Mthunzi wodalirika ndi wa mtengo wa mango kapena mkuyu. Milambe ilipo yambiri kuno ndipo ndi yokongola pachithunzi, koma m'Okutobala yambiri imakhala ilibe masamba, kotero siingakutetezeni. Yalani mphasa kapena chitenje, tulutsani bawo, muwotche nsomba zanu zija, ndipo amene tulo tamupeza mulekeni agone. Mchenga wa masana umawotcha mapazi mpaka kutulutsa matuza, choncho ana asayende opanda nsapato, ndipo chipewa chotambalala kapena ambulera n'zofunika ngakhale kwa ife a khungu lakuda. Abale athu achialubino ayenera kusamala koposa, povala zovala za manja aatali ndi kudzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

Madzi akumwa tengani ochuluka kuposa mmene mukuganizira, pafupifupi malita 3 pa munthu wamkulu aliyense, ndipo muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakupezeni. Kuika mabotolo mufiriji usiku kuti aume n'kuwakulunga m'nsalu kumathandiza kuti madziwo akhale ozizira mpaka masana. Thobwa, mavwende ndi chakumwa cha malambe kapena bwemba zimabwezera mphamvu bwino kuposa zakumwa za shuga wambiri, koma muonetsetse kuti zapangidwa ndi madzi otetezedwa, chifukwa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Madzi a m'nyanja musamwe osawiritsa kapena kuthira klorini, ngakhale aoneke oyera bwanji. Mango amakhala atayamba kupsa m'Novembala, ndipo muziwatsuka musanadye. Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi nseru, mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'pukute ndi nsalu yonyowa ndi kum'patsa madzi a Thanzi ORS; akayamba kubwebweta kapena kukomoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Dzuwa likapendeka, cha m'ma 3 koloko, mukhoza kubwereranso m'madzi kapena kusewera mpira pamchenga. Amene sakonda madzi angapite ku Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi tauni ya Salima, komwe mulibe zilombo zolusa ngati mikango, kotero munthu amaloledwa kuyenda pansi kapena panjinga n'kumaona mbidzi ndi agwape. Nyamazo nazonso zimabisala masana, choncho madzulo kapena m'mawa ndi pamene zimaoneka. Nkhalango ya Thuma ndi yosiyana, chifukwa muli njovu ndi njati, ndipo simuyenera kulowamo popanda mlonda wa nkhalangoyo.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe a ku Senga Bay amadzaza kwambiri ndipo mayendedwe amavuta pobwerera. Ngati cholinga chanu n'kusangalatsa mayi anu ndi mpumulo weniweni, apititseni Loweruka lina lapafupi. Ngati mukufuna chikhamu ndi nyimbo, fikani m'mawa kuti mupeze mthunzi, ndipo pangananitu ndi ana malo okumanira wina akasochera.

Mvula ya chizimalupsa imatha kugwa mosayembekezeka m'masabata amenewa, ndipo mukamva kugunda tulukani m'madzi, muchokenso pansi pa mtengo woima paokha, chifukwa mphenzi imakonda malo otero. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo mdima sumachedwa, udzudzu n'kuyamba ntchito yake. Wobwerera ku Lilongwe anyamuke 4 koloko isanakwane kuti akwere zitunda kukuwala, popeza mumsewu mumakhala njinga zambiri zopanda nyali, ndipo wogona kuno afunse ngati chipinda chake chili ndi neti asanalipire.