Mukafika ku Málaga, musakwere Gibralfaro masana

Amene mukupita ku Málaga, kum'mwera kwa Spain, mverani izi. Linga la Gibralfaro lili pamwamba pa phiri, ndipo njira yake ndi chitunda chenicheni. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti musayerekeze kukwera masana, dzuwa limaswa mtengo ndipo mthunzi ndi wochepa. Kwerani basi nambala 35 mpaka pamwamba, kenako mutsike wapansi chakumadzulo, mukuona doko ndi nyanja. Nyumba yachifumu ya Alcazaba ili m'munsi mwake, moyandikana ndi bwalo lakale la zisudzo la Aroma. Lamlungu kuyambira 2 koloko masana mumalowa ulere.

Msika wa Atarazanas pitaniko m'mawa, Lamlungu satsegula.

Pa nkhani ya chakudya, malo a pakatikati pa mzinda mitengo yake ndi ya alendo. Pitani kugombe la Pedregalejo kapena El Palo. Kumeneko amatunga nsomba za sardine pa bango n'kuziwotcha pambali pa moto wa nkhuni, wosonkhedwa m'kabwato kodzaza mchenga. Amangowaza mchere basi. Idyani ndi manja, palibe angakudabweni. Chakudya chamadzulo amadya cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye mukafika 6 koloko mupeza makhitchini ambiri asanatsegule.